Borax wa m'matumba a 25 kg: ndi woopsa bwanji, timusunge bwanji, madzi ake titaye kuti?

Nangondo

Moni nonse akuluakulu. Ndimayang'anira sitolo ya zipangizo pa shedi ina yopala matabwa ndi kuwotcherera zitsulo. Tayamba kulandira borax m'matumba a makilogalamu 25, wina wonyikamo matabwa ndi nsungwi kuti zisamafumbwe, wina wa amisiri olumikiza zitsulo ndi mkuwa. Matumba ena alembedwa decahydrate, ena pentahydrate, koma ufa wake ukuoneka chimodzimodzi. Pa thumba lililonse pali chithunzi cha munthu wong'ambika pachifuwa, chozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndi nambala yakuti H360FD. Anyamata akuti zimenezo n'zongoopseza, borax ndi sopo wochapira, moti akumatapa ndi manja. Mmodzi mwa amayi amene amayeza ufawu ndi kusesa m'sitolo ndi woyembekezera. Ena akupempha kuti atapeko pang'ono akaphere nyerere kunyumba. Ndithandizeni: mitundu iwiriyi ikusiyana pati, choopsa chenicheni n'chiyani, ndipo madzi otsala m'diramu yonyikira tizitaya kuti?

Mbewe wa ku Labu

A Nangondo, anyamata anuwo mbali ina akunena zoona. Borax sayaka, saphulika, satentha khungu ngati kositiki soda, ndipo mafakitale ena amamuthiradi mu sopo waufa. Koma chithunzicho sanachiike pa thumba kuti chikongoletse. Za thupi ndisiyira odziwa zachipatala, ine ndifotokoze za ufawo.

Borax ndi mchere wa sodium ndi boron, dzina lake lonse ndi sodium tetraborate. Wambiri amene amagulitsidwa padziko amachokera ku Turkey, kumene kampani ya boma ya Eti Maden ili ndi mgodi ku Kırka, ndiponso ku Boron m'chigawo cha California ku America. Mawu awiri amene mukuwaona pa matumbawo akunena za madzi amene ali m'kati mwa timiyala ta ufawo. Ufa ukhoza kukhala wouma gwa m'manja, koma mu decahydrate magawo 47 pa 100 alionse ndi madzi. M'thumba la makilogalamu 25, pafupifupi makilogalamu 12 mwagula madzi. Mu pentahydrate madzi ndi magawo 31 pa 100. Palinso mtundu wachitatu, anhydrous, umene ulibiretu madzi. Chimene chimagwira ntchito ndi boron, ndipo amapezeka motere: 11.3 peresenti mu decahydrate, pafupifupi 15 mu pentahydrate, 21.5 mu anhydrous.

Apa ndi pamene miyezo imasokonekera. Malangizo ambiri osakanizira akangoti borax amatanthauza decahydrate. Ngati akuti kilogalamu imodzi, inu muli ndi pentahydrate, yezani magalamu 760. Ngati muli ndi anhydrous, magalamu 530. Mukathira kilo kwa kilo, madzi anu akhala amphamvu kuposa mmene mukuganizira, ndipo wina adzatsalira pansi osasungunuka. Chilembo chikafufutika, onani nambala ya CAS, yozindikiritsa mankhwala, pa thumba kapena pa pepala la SDS, lofotokoza za chitetezo cha mankhwalawo, limene wogulitsa ayenera kukupatsani: 1303-96-4 ndi decahydrate, 12179-04-3 ndi pentahydrate, 1330-43-4 ndi anhydrous. Yezani pa sikelo, osati ndi chitini, chifukwa kulemera kwa chitini chodzaza kumasintha malinga ndi kusalala kwa ufa.

M'madzi ozizira borax ndi waulesi. Pa madigiri 20, lita imodzi imasungunula magalamu pafupifupi 50 okha. Pa madigiri 40 imasungunula oposa 100, ndipo madzi akamatentha kwambiri amalandira ochuluka zedi. Vuto lake, madziwo akazizira borax wowonjezerayo amabwerera, n'kumera timiyala pansi pa diramu, m'paipi ndi pa mpopi. Madzi ake amakhala ndi pH (muyezo woonetsa ngati madzi ali mbali ya asidi kapena ya soda) ya 9.2, mbali ya soda, ndipo pH imeneyi siisuntha kwenikweni ngakhale muwonjezere madzi ena. Ndiye chifukwa chake m'malabu timagwiritsa ntchito magalamu 3.81 pa lita poyesa ngati makina oyezera pH akuwerenga bwino. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti madzi a borax amachotsa mafuta pakhungu ndi kulakatitsa manja ngakhale mutawonjezeramo madzi ambiri, ndiponso amadya aluminiyamu pang'onopang'ono. Ndowa ndi madiramu zikhale za pulasitiki.

Kasungidwe: matumba akhale pa mapaleti, asagunde simenti kapena khoma, denga lisadonthe. Chinyezi chimaumbitsa ufawo n'kukhala chibuma cholimba, ndipo munthu akamachiphwanya ndi hamala m'pamene fumbi limabuka kwambiri. Kutentha nakonso n'koipa. Decahydrate akakhala pafupi ndi malata mu Okutobala amayamba kutaya madzi ake, pamwamba pake n'kuyera ngati choko, ndipo kilogalamu yake sifanananso mphamvu ndi ya thumba latsopano. Musasanjikize matumba mulu wautali, apansi amaumbika ndi kulemera. Loyamba kulowa liziyamba kutuluka. Thumba lotsegula likhuthulireni m'ndowa ya chivindikiro cholimba. Asidi wa mabatire akhale kwina. Pepala la SDS limachenjezanso za sodium wachitsulo ndi mankhwala otchedwa metal hydride, amene akakumana ndi borax amatulutsa mpweya wa hydrogen woyaka, ngakhale zinthu zimenezi sizipezeka m'shedi ya matabwa.

Chimene ine ndimaopa kuposa zonse ndi kajumbo kopanda dzina. Borax wopera ndi woyera, sanunkha, ndipo m'kajumbo komanga pakamwa simungamusiyanitse ndi soda wophikira therere kapena chigwada. Akafika pakhomo n'kuikidwa pa thandala pafupi ndi mchere, amene adzaphike mawa sadziwa kuti anachokera ku shedi. Chotengera chilichonse chimene borax walowamo chilembedwe dzina ndi penti yosafufutika, ndipo botolo la zakumwa, chitini cha shuga kapena chigubu cha madzi akumwa zisayandikire n'komwe.

Nasibeko

Mayi Nangondo, ndiyambe ndi mayi woyembekezerayo chifukwa nkhani yake siyodikira. Achotsedwe pa ntchito yoyeza, yokhuthula ndi yosesa borax kuyambira lero, apatsidwe ina, malipiro ake asakhudzidwe. Mukadula malipiro, wotsatira adzabisa mimba mpaka itaonekera, pamene miyezi yoyambirira ndiyo yofunika kwambiri. Woyamwitsa chimodzimodzi.

H360FD ikunena zinthu ziwiri: F ndi kuwononga mphamvu yobereka, D ndi kuvulaza mwana wosabadwa. Mayiko a European Union anaika borax m'gulu lotchedwa Repr. 1B, ndipo mu 2010 anamulemba pa mndandanda wa mankhwala odetsa nkhawa kwambiri. Gulu la 1B limatanthauza kuti umboni wake unachokera ku nyama. Makoswe, mbewa ndi agalu amene anadyetsedwa boron wambiri kwa nthawi yaitali, ziwalo zopanga umuna zinafota ndipo umuna unachepa. Makoswe a bere anaswa ana ochepa thupi, ena opunduka nthiti. Muyezo umene sunaonetse vuto pa makoswe a bere unali mamiligalamu 9.6 a boron pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Kafukufuku wa anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a boron ku Turkey ndi ku China sanapeze kuwonongeka koonekeratu kwa umuna wawo. Choncho mnyamata amene watapa ndi manja mwezi wathawu asataye mtima. Komabe palibe chifukwa choti mwana wa m'mimba ndiye akhale woyeserapo.

Mmene amalowera m'thupi ndi mmene muyenera kutchingira. Khungu labwinobwino sililola borax wambiri kudutsa. Khungu la bala, lopsa, la zidzolo kapena long'aluka limalola, ndipo amisiri a matabwa ndi zitsulo manja awo sakhala opanda bala. Akamezedwa, pafupifupi yense amalowa m'magazi. Thupi silimuphwanya, impso ndizo zimamutulutsa mumkodzo, theka lake m'maola pafupifupi 21. Ndiye kuti munthu amene akumeza pang'ono tsiku lililonse, wa dzulo amakhala asanathe pamene wa lero akulowa. Wodwala impso ndi khanda ali pachiopsezo chachikulu pa chifukwa chomwechi.

Fumbi ndilo mudzakumane nalo tsiku ndi tsiku. Bungwe la ku America la ACGIH limati lisapitirire mamiligalamu 2 pa kiyubiki mita ya mpweya pa maola 8 a ntchito, kapena 6 kwa kanthawi kochepa. Inu mulibe makina oyezera, choncho gwiritsani ntchito maso: ngati pokhuthula thumba mukuona utsi woyera ukukwera m'kuwala kolowera pazenera, mwadutsa kale. Zizindikiro zake ndi kuuma m'mphuno ndi kukhosi, kuyetsemula, kutsokomola, maso kufiira, ena kamfuno. Thumba lidulidwe pakamwa ndi mpeni, lilowetsedwe m'ndowa n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, osalikhuthula kuchokera m'mwamba, osalikuntha pomaliza. Wokhuthulayo mphepo izichokera kumbuyo kwake. Avale masiki ya FFP2 kapena N95 yogwira bwino pamphuno, magalasi otseka m'mbali ndi magolovesi a nitrile kapena a labala. Kansalu komanga pamphuno ndi masiki ya buluu ya kuchipatala sizitchinga fumbi losalala. Tsache louma lisalowe m'sitolo: wazani timadzi, wolani ndi fosholo, kolopani. Ovolosi itsale kuntchito, isakachapidwe pamodzi ndi matewera. Kusamba m'manja musanadye, ndipo nsima isadyeredwe m'chipinda cha matumba. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wopereka zodzitetezera pa olemba ntchito, osati pa wantchito.

Ngozi ikachitika: m'maso tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15, zikope zili zotsegula, ndipo ngati kuthetha sikukutha pitani kuchipatala. Pakhungu, sopo ndi madzi. Wamkulu wathanzi amene walawa pang'ono mwangozi achukuche m'kamwa, amwe makapu awiri a madzi. Ngati wameza woposa supuni yaing'ono, kapena ndi mwana, woyembekezera, wodwala impso, thamangirani kuchipatala mutanyamula chilembo cha thumba kapena chithunzi chake pafoni. Musamusanzitse. Musamumwetse mafuta ophikira, madzi a mchere kapena makala osinja. Ngakhale makala a kuchipatala aja sagwira boron bwino. Chithandizo chake ndi madzi a m'diripi ndi kuyang'anira impso, ndipo zikakanika kugwira ntchito pamafunika makina osefa magazi. Poizoni wa borax amayamba ndi nseru, kusanza ndi kutsekula m'mimba, nthawi zina masanzi obiriwira. Pakapita masiku khungu limafiira kwambiri n'kuyamba kusupuka, mkodzo umachepa, ndipo makanda amagwa ngati a khunyu.

Za nyerere, kanani. Nyambo yake amasakaniza ndi shuga, ndipo chimene chakoma kwa nyerere chakomanso kwa mwana wokwawa. Palinso bodza limene linafala pa TikTok mu 2023 lakuti kumwa borax kumachiritsa nyamakazi. Supuni yaing'ono imodzi ili ndi boron wokwana mamiligalamu pafupifupi 500, pamene bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA limati wamkulu asapitirire mamiligalamu 10 patsiku. Auzeni antchito anu zimenezi poyera.

Chisale Mmisiri

Zikomo a Nasibeko. Ine ndiwonjezere za pamoto, chifukwa madzi aja a Mbewe anena kuti ali m'kati mwa ufa ndiwo amavulaza amisiri.

Ntchito ya borax polumikiza ndi mkuwa ndi kusungunula dzimbiri losaoneka limene limamera pachitsulo chikatentha, ndi kuphimba malowo kuti mpweya usafikepo, mkuwa uyende bwino m'mpata. Amachita zimenezi akasungunuka kukhala ngati galasi lamadzi, pa madigiri 743. Koma decahydrate asanafike pamenepo amayenera kutulutsa madzi ake onse. Amafufuma ngati mbuliwuli, amathetheka, amadumpha kuchoka pamalo amene mwamuika, ndipo timadontho totentha timagwera pamkono kapena m'diso. Njira yake ndi kumuwotcheratu. Thirani wochepa pa thireyi ya chitsulo yoyera, ikani pamakala panja, musiyeni afufume mpaka atasiya, azizire, sinjani mutavala masiki, sungani m'chitini chotseka bwino chifukwa amayamwanso chinyezi. Kapena gulani anhydrous wa ntchito ya pamoto, decahydrate atsale wa matabwa.

Kagwiritsidwe kake: palani chitsulo mpaka chiwale, chotsani girisi. Tenthetsani nsonga ya ndodo ya mkuwa, iviikeni mu ufa, umamatira wokwanira. Ena amakanya phala ndi timadzi n'kupaka pamalo olumikizapo, zimenezonso zimagwira bola muumitse phalalo ndi lawi lofatsa musanawonjezere moto. Kuchulutsa sikulimbitsa cholumikizacho. Wotsalayo amauma kukhala galasi lolimba, penti sagwirapo, ndipo amabisa timabowo. Pomugogoda amathetheka tizidutswa takuthwa, choncho magalasi asavulidwe moto ukangozima. Kunyika chitsulocho m'madzi otentha kumafewetsa galasilo.

Borax yekha ndi wa ndodo za mkuwa zimene zimasungunuka cha m'ma madigiri 900. Ndodo za siliva zambiri zimasungunuka pansi pa 700, borax asanayambe n'komwe ntchito, ndiye mukaona siliva akungoundana osayenda vuto ndi limenelo. Pa aluminiyamu sathandiza. Ufa wa m'zitini wogulitsira siliva ndi stainless nthawi zambiri umakhala ndi fluoride, utsi wake ndi woipa kuposa wa borax, werengani chitini. Komanso mmisiri akamva kuzizidwa, kuphwanya thupi ndi kutentha usiku atalumikiza paipi ya galvanised (yokutidwa ndi zinc), asanamizire borax kapena malungo. Ndi utsi woyera wa zinc, wochokera pa paipiyo ndi pa mkuwa wotenthedwa mopitirira. Palani zinc pamalo olumikizapo, gwirani ntchito pamalo opita mphepo. Mkaka umene amisiri amamwa pambuyo pake suchotsa utsi m'mapapo.

Chinanso, borax wosungunuka amadya dongo ndi njerwa za ng'anjo, ndipo ubweya woyera uja wotchingira kutentha amauboola msanga. Pansi pa ng'anjo ikani phale kapena chitsulo chotha ntchito kuti madontho azigwera pamenepo.

Che Milanzi

Pepani ndilowerere. Kuno ku Makanjira okumba golide akumafunsa borax m'mashopu, akuti amalowa m'malo mwa mercury ndipo amasungunula golide pamoto wochepa. Ndi zoona, a Chisale?

Chisale Mmisiri

Che Milanzi, kulowa m'malo mwa mercury n'zoona pa miyala ina, ndipo ndi chinthu choyenera kulimbikitsa, chifukwa nthunzi ya mercury imawononga ubongo ndipo wotayikira mumtsinje amathera m'nsomba. Mgwirizano wa mayiko wa Minamata wa 2013 unapangidwa kuti mercury achepe, kuphatikizapo m'migodi ing'onoing'ono. Njira ya borax inakhazikika kwa okumba a ku Benguet ku Philippines, ndipo katswiri wa miyala wa ku Denmark, Peter Appel, anathandiza kuifalitsa m'mayiko ena.

Koma zoti amasungunula golide pamoto wochepa si zoona. Golide amasungunuka pa madigiri 1064, borax alipo kapena palibe. Chimene borax amachita ndi kusungunula mchenga ndi dzimbiri zimene zatsalira, kuti zikhale zamadzimadzi, timadontho ta golide tithe kumira n'kukumana pansi. Moto uyenera kufikabe pamenepo: makala olimba ndi mvukuto kapena chopemerera, apo ayi tochi ya gasi.

Ntchito yaikulu ili kumadzi, osati kumoto. Mercury amatola golide m'mchenga wambiri, borax satero. Muyenera kupeta mobwerezabwereza mpaka chotsala chikhale chochepa ndipo golide azioneka ndi maso. Mchenga wakuda uchotseni ndi maginito wokulunga m'pulasitiki. Kambale ka dongo kawotchedwe kaye ndi borax pang'ono kuti m'kati mwake mukhale galasi, golide asamatirire. Poyambira, sakanizani borax wofanana kuchuluka ndi chotsalacho. Zosungunukazo zikakhala zolimba ngati phala, wonjezerani borax, koma mukachulutsa kwambiri amaboola kambale golide n'kutayikira m'makala. Galasi lotsalalo lisinjeni, lipeteninso, mumakhala timadontho.

Zoopsa zake zili zitatu. Mchenga wotola pamalo amene ena anatsukirapo ndi mercury umakhala naye, ndipo pamoto amatuluka yense kukhala nthunzi, borax samugwira. Miyala yonyezimira ya sulphide imakaniza golide kusonkhana, ndipo ina imatulutsa utsi wa arsenic kapena mtovu, choncho kusungunula kuzichitikira panja, kutali ndi ana ndi pophikira, mphepo ikuchokera kumbuyo. Chachitatu ndi chinyezi: kambale, mbaniro kapena chikombole chonyowa chikakumana ndi zosungunuka, nthunzi imaziponya kumaso. Zonse zitenthetsedwe kaye.

Gama wa Matabwa

A Nangondo, funso lanu lomaliza silinayankhidwe, ndipo ndilo anthu ambiri amaliphonya. Koma ndiyambe ndi kasakanizidwe, chifukwa kuchuluka kwa zotaya kumachokera pamenepo.

Muyezo wodziwika wa nsungwi ndi matabwa ndi magawo 1.5 a borax pa gawo limodzi la boric acid (ufa wina woyera wa boron), mphamvu ya 5 peresenti. Pa malita 100 ndi makilogalamu 3 a borax decahydrate ndi 2 a boric acid. Ngati ndi pentahydrate, makilogalamu 2.3 m'malo mwa 3, monga a Mbewe awerengera. Awiriwa akasakanizana amasungunuka bwino kuposa aliyense payekha, ndipo madzi ake sakhala aukali ku manja ngati a borax yekha. Sungunulani kaye m'ndowa ya madzi otentha, takasani ndi thabwa mpaka pansi pasamveke mchenga, kenako thirani m'thanki.

Boron amayenda m'chinyezi cha mtengo. Thabwa laliwisi kapena nsungwi yongodula kumene imamwa mpaka m'kati, pamene youma gwa imangonyowa pamwamba, anankafumbwe n'kupitiriza kudya m'kati. Nsungwi zikhale zokhwima, za zaka 3 kapena 4. Boolani mfundo zonse ndi chitsulo chachitali kuti madzi alowe, zitsindireni ndi miyala zimire, zikhale masiku 7 mpaka 14 malinga ndi kukhuthala kwake. Pozivuula ziimikeni pamwamba pa thanki kapena pa lata lotsetserekera m'thanki kuti madzi abwerere momwemo. Ziumire pamthunzi, pansi pa denga, zisagunde dothi.

Mvula imatsuka boron m'mtengo monga mmene madzi anamulowetsera. Ku South Africa matabwa a boron amawaika m'gulu la H2, kutanthauza a m'nyumba, pansi pa denga, osakhudza nthaka. Mapaso, mipando, zitseko za m'kati, inde. Mizati ya mpanda kapena ya khola, ayi, chiswe chidzangodikira dzinja limodzi kapena awiri. Mtengo wonyikidwa usasemedwe mtondo, chipande kapena thabwa lodulirapo ndiwo. Utuchi wake usapite m'khola la nkhuku kapena pa manyowa, zidutswa zake zisawambire nsomba, ndipo phulusa lake lisathiridwe m'dimba chifukwa boron sapsa, amatsalira momwemo.

Tsopano madzi otsala. Diramu ya malita 200 ya muyezo uja ili ndi boron wokwana pafupifupi kilogalamu 1.4. Mlimi amene nthaka yake ikusowa boron amathira pakati pa theka la kilogalamu ndi makilogalamu 2 pa hekitala yonse. Ndiye kuti diramu imodzi mukaikhuthulira kuseri kwa shedi, mwaika chakudya cha hekitala yathunthu pa kamalo kongokwana mphasa. Mbewu zimafunadi boron, alimi a thonje ndi mpendadzuwa amachita kugula, koma mpata wa pakati pa wokwanira ndi wakupha ndi wochepa kwambiri. Malangizo a bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO amati madzi othirira akapitirira mamiligalamu 0.7 a boron pa lita, mbewu zosapirira zimayamba kuvutika. Malalanje, mandimu ndi mapeyala ndiwo oyamba, nyemba ndi mtedza zimatsatira. Masamba akale amachita chikasu kunsonga ndi m'mphepete, kenako amapserera n'kuyoyoka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 2.4 pa lita. Kuti diramu imodziyo ifike pa 0.7 pafunika malita pafupifupi 2 miliyoni, choncho zoti tithiramo madzi ambiri kenako titaye m'ngalande n'zosatheka. Boron sawola, ndipo m'dothi lamchenga amatsika ndi mvula kulowera kuchitsime.

Yankho lake ndi kusataya. Madzi amenewa satha mphamvu chifukwa chokhalitsa. Asefeni pa saka kuchotsa zinyalala, wonjezerani osakaniza atsopano a muyezo womwewo, pitirizani. Akhoza kuda ndi kununkha chifukwa cha utomoni ndi shuga wa nsungwi, koma boron akadalimo. Thanki ikhale ndi chivindikiro, ana ndi ziweto asafikepo, mvula isasefukiremo, pansi pake pakhale simenti ya kakhoma kuzungulira. Matope a pansi aumitseni m'beseni la pulasitiki pansi pa denga, muwatsekere m'ndowa yolembedwa, ndipo funsani ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo yanu kapena bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA komwe angatayidwe. A ku Zambia afunse bungwe lawo la ZEMA. Ufa ukatayikira pabwalo, wolani ndi dothi la pamwamba lomwe, musatsuke ndi paipi. Matumba otha atsukireni m'thanki, kenako muwacheke pakati, chifukwa thumba labwino likangotuluka pageti mawa lake muli chimanga kapena ufa wa kuchigayo.

Nangondo

Zikomo kwambiri nonse. Mayi uja tamusamutsira kowerengera katundu, ndipo ndowa tazilemba. Funso limodzi, a Gama: boric acid akusowa m'mashopu kuno. Tinganyike ndi borax yekha?

Gama wa Matabwa

Mungathe, koma mudziwe malire ake. Muyezo uja wa 3 ndi 2 umapereka boron wokwana magalamu pafupifupi 690 pa malita 100. Kuti borax decahydrate yekha afike pamenepo pafunika makilogalamu opitirira pang'ono 6, pamene madzi a madigiri 20 amalandira pafupifupi 5 okha. Usiku wa mu Juni kumadera ngati Dedza, madzi akatsika kufika madigiri 10, amasunga ongopitirira pang'ono makilogalamu 3, wotsalayo amagwa pansi ngati timiyala ndi kumatirira pa nsungwi. Mudzaona nsungwi zoyera mbuu kunja n'kuganiza kuti zamwa kwambiri, pamene m'kati mwalowa wochepa.

Choncho nyengo yotentha sungunulani makilogalamu 4 mpaka 5 pa malita 100, nyengo yozizira musapitirire 3. Thanki yakuda yovindikira, yokhala padzuwa, imasunga kutentha mpaka usiku. Takasani m'mawa uliwonse, ndipo nsungwi zikhalemo masiku 14 athunthu m'malo mwa 7. Madzi a borax yekha ali pa pH 9.2 ija, amadetsa mitundu ina ya matabwa ndipo amalakatitsa manja msanga, ndiye yesani kaye pa kachidutswa, ndipo wovuula avale magolovesi ofika m'chigongono. Kuti mutsimikize ngati walowa, dulani nsungwi imodzi youma pakati, pakani podulapo madzi a turmeric wosungunula mu spiriti, aume, kenako donthezani asidi wa hydrochloric wothiridwa madzi ambiri mutavala magalasi ndi magolovesi. Pamene boron wafika pamafiira, pamene sanafike pamakhalabe pachikasu. Ngati kufiirako kwangozungulira kunja, bwezerani mtolo wonse m'thanki sabata ina.